Thirakitala ya apongozi ikudontha, ine ndikukwirira

Amene muli ndi zipewa vulani. Akulankhula pano ndi ine, dokotala wa zitsulo zokalamba, amene ndinasiyira sukulu sitandade 5 nditaona kuti aphunzitsi ayamba kutopa ndi nzeru zanga. Wodwala wa lero nayu.

Aphungu,

Apongozi anga aamuna anandibwereka thirakitala yawo yakale kuti ndilimire munda. Pondipatsa kiyi anati, "Mkamwini, iyi ndi yaikulu kwa mkazi wanu, muzipereka ulemu." Tsopano chiwongolero chauma, pokhota ndimachita kuimirira. M'mawa uliwonse ndimapeza chithaphwi cha oyilo pansi pake, ndiye ndimathirapo mchenga msangamsanga apongozi asanadutse. Oyilo wa chiwongolero atachepa ndinawonjezeramo mafuta a mabuleki. Mnzanga wowotcherera zitsulo anati, "Zamadzi ndi zamadzi basi." Chiyambire pamenepo kudonthako kwanyanya, ndipo nayo pulawo ndikaikweza ikumatsika yokha. Mvula yayandikira, munda sunathe. Apongozi akadziwa sadzandibwerekanso ngakhale wilibala. Nditani?

B.K., kuseri kwa galaja

Mwana wanga B.K.,

Wokwirira zake ndi mphaka, iwe ndiwe mkamwini. Leka. Chithaphwicho ndi mboni yako, ndipo mboni saiika m'manda.

Mafuta a mabuleki amatupitsa timalabala totseka oyilo mpaka tifewe ngati chingamu. Akhetse onse, utsukemo ndi oyilo woyenera, usinthe timalabalato, uthiremo oyilo watsopano. Mnzakoyo uzimufunsa za mageti okha.

Kenako sambitsa thirakitalayo, iume. Waza ufa pa mapaipi, pa pampu ndi m'manati, uyale katoni pansi. Liza injini, upotoze chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku. Oyilo ndi wabodza, amatulukira pena n'kukagwera pena, choncho tsata ufa wonyowa chokwera. Pamene wayambira kunyowa ndi pamene pali bala. Ngati ndi nati, manga pang'ono, osati ngati ukulimbana ndi mlamu wako. Ngati paipi yang'aluka gula ina, kumanga ndi lekeni sikugwira pamenepo. Za pulawo ndi nthenda ina: labala wa m'kati mwa silinda yokwezera watha ndi ukalamba, si mlandu wako.

Apongoziwo uwauze lero, sipanala ili m'manja. Munthu amene wakalamba ndi thirakitala amadziwa fungo la oyilo wake. Ukuganiza kuti mulu wa mchenga umene ukukula pakhomo pakowo akuuyesa chulu? Akungodikira aone ngati mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wonena zoona.

Chenjezo: usafufuze podontha ndi chala injini ikulira, oyilo wopanikizika amaboola khungu ngati jakisoni ndipo dzanja limatha kuwola. Usagonenso pansi pa pulawo yokwezedwa, itsitse kaye. Mnzanga wina anagonapo, lero amalowa m'nyumba chitseko chili chotseka, amangodzera pansi pake.

Za mnzangayu ndapeka, anzanga onse ndi onenepa. Koma pulawoyo imagwadi.