Ndapita ku Matawale ndi a Yakobo

Amake Peace,

Mukabwera kumsika mupeza ndachoka, koma mtima ukhale m'malo, sindinapite kokamwa. A Yakobo, aja tinkamwera limodzi kachasu ku Chikanda, abwera kudzanditenga. Akuti ku Matawale, kuseri kwa tchalitchi, kumakumana anthu ofuna kusiya mowa, amakambirana ndi kulimbikitsana. Iwowo amapitako, ndipo anenepa, simungawazindikire.

Ndimati ndikusitireni bulauzi yanu yakukwaya, koma manjawa akunjenjemera chidzukireni, ndiye ndaipsereza ndi simbi. Pepani. Mundikalipire ndikabwera, lero ndimva mawu onse.

Peace mukamutenge kusukulu. Mumuuze kuti madzulo ano bambo ake abwera akuyenda okha, osachita kunyamulidwa.

Ndili ndi mantha, mayi. Mundipempherere.

Wanu,
Macdonald