Akuti Akufuna Dzina la Mpunga Wathu

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha koopsa lero, ndipo mutu wanga sunapume.

M'mawa ndili kusukulu, imelo inalowa pafoni. Ndine ndimayang'anira webusaiti ya kilabu ya amayi ogulitsa mpunga kuno ku Kambombo. Kalatayo inati kampani ina yakunja ikufuna kulembetsa dzina la webusaiti yathu, ndipo tikapanda kulipira pofika mawa, alitenga. Inali ndi chidindo, dzina langanso analilemba osaphonya.

Nditaweruka ndinapalasa njinga kukawawerengera amama Nyagoma, apampando a kilabu. Anadzambatuka pamphasa. "Aphunzitsi, atenge dzina lathu? Nanga ogula a ku Lusaka azitipeza bwanji? Lipirani manje manje, titapa pa ndalama za mbewu."

Ndinatsala pang'ono kutumiza. Koma ndinati ndiyambe ndaimbira Tiwonge, mwana wa alongo anga, amene anatipangira webusaitiyo. Anaseka. Akuti dzinalo tinalipira kale mpaka chaka chamawa, palibe kampani ikulifuna, ndipo makalata otere akuba amangowamwaza kwa aliyense amene ali ndi webusaiti.

Ndimayesa amama asangalala kuti mbewu zapulumuka. Anakhala pansi, kenako anafunsa, "Ndiye kuti kunjako palibe amene anamva za mpunga wathu?"

Inenso mafunso andichulukira. Wolemba kalatayo ndani? Amakhala kuti, ndipo amadya mpunga wanji? Pamene ankalemba kuti Kambombo, ankadziwa n'komwe kuti kuno kuli anthu amene akanataya ndalama zawo za mbewu?