Jombo za pa mlatho

Namitete,
14 Okutobala 1956

Achimwene a Amosi,

Kodi muli bwanji kumigodiko pamodzi ndi alamu Tabita? Kuno amayi ali bwino, mwendo uja wasiya kutupa. Ine ndikuyenda, koma ndatopa.

Mukudziwa kuti ndine kapitawo pa mlatho umene Boma linapatsa kampani ya mzungu kuti imange. Pepala la pangano lawo limati aliyense woswa miyala alandire phoso ndi jombo. Phoso limabwera. Jombo zimakhala m'bokosi, ndipo kiyi wake ndimasunga ine. Bwana wa Boma akamabwera kudzayendera ndimagawira anthu, galimoto lake likangochoka ndimatolera. Mzungu wathu amati zikavalidwa zitha msanga.

Mwezi wathawu alamu athu a Lyson, amuna a mlongo wathu Dailesi, anandipempha kuti ndiwasiyire jombo zawo chifukwa miyala ya tsiku limenelo inali yakuthwa. Ndinakana, poopa kuti anthu anena kuti ndikukondera wachibale. Madzulo ake mwala unawang'amba phazi. Bala linawola, ndipo kuchipatala ku Lilongwe analidula phazilo.

Kalaliki wa Boma atabwera kudzafunsa, mzungu anaima pambali panga. Ndinanena kuti a Lyson anavula okha jombo chifukwa cha kutentha. Analemba, ine ndinasaina. Choncho akuti kampani ilibe mlandu.

Achimwene, ndinanama, ndipo manyazi akundidya. Dailesi sakudziwa. Dzana anandibweretsera mtedza pondithokoza kuti ndinanyamula amuna ake mpaka kumsewu. A Lyson anamva zonse kwa anzawo, koma sanamuuze. Nditapita kukawaona anangondifunsa ngati ndingawalimireko mizere mvula isanagwe. Bola akanandilalatira.

Kalalikiyo abweranso Lachisanu, ndipo ndikamuuza zoona, kiyi ndikamupatsa m'manja. Ntchito ithera pomwepo, ndipo mzungu uja akuti adzaonetsetsa kuti pasapezeke wondilembanso m'boma lino. Chonde mundifunsireko malo kumeneko, ngakhale ntchito yokankha ngolo. Ana anga anayi sangadye kulapa kwanga.

Musawalembere amayi za nkhaniyi. Dailesi ndikamuuza ndekha mawa, ndikamaliza mizere yake, chifukwa akamva sadzandilolanso kulowa m'munda mwake.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Ndine mng'ono wanu,
Overton