Ng'oma za Gogoda Zilowe, Zisatuluke

Okondedwa achemwali,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi msana uja unaleka kukuvutani, kapena mukukhalirabe pa makina osokera mpaka dzuwa kulowa? Nanga alamu ndi ana ali bwanji? Ine moyo ulipo. Koma kuti ndili bwino sindinena, ndingakunamizeni.

Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti ikupezeni galimoto yathu ija isanafike kwanuko. Werengani mutakhala pansi, ndipo musayambe kundikalipira musanafike kumapeto.

Mukudziwa kuti pa ulendo woimbawu tinanyamuka anayi: ine wa besi, wagitala amene amayendetsanso galimoto, Gogoda wa ng'oma, ndi woimba wathu Mneneri. Mneneri mukumukumbukira, uja amalalikira za ubale nyimbo ikangotha. Inu munkati ali ndi pakamwa pa wogulitsa mankhwala m'basi, ine n'kumakwiya. Lero ndavomera, munkanena zoona.

Ife oimba amene wailesi siitidziwa tili ndi malamulo athu. Ukafika m'tauni ya eni, gulu lakumeneko limakupezera poimbira ndi pogona, nawenso akabwera kwanu umawayalira pansi. Lamulo lina n'lakuti zida sizigona m'galimoto. Mungatope bwanji, mumatsitsa zonse n'kulowetsa m'nyumba, chifukwa akuba amadziwa galimoto ya oimba. Limeneli muligwire, ndibwererako.

Kuno anatigoneka m'chipinda cha pamwamba pa malo omatira matayala. Achemwali, inu mukanalowamo mukanasanza pakhomo pomwe. Matiresi ake ndi akuda bii ngati pansi pa poto, onyowa pakati, ndipo amene anawanyowetsa sadziwika. Chimbudzi chinatsekeka kalekale, anthu amangothirapo madzi n'kuthawa. M'kapu imene anandipatsira tiyi munali zotsalira za ndudu. Mphemvu zake sizithawa munthu, zimakuyang'ana ngati mlendo ndiwe.

Zonsezo ndinapirira, ndi moyo umene ndinausankha ndekha. Chimene chandinyansa si chipinda ayi.

Gogoda ali ndi mbale imodzi ya pang'oma yong'ambika m'mphepete, ija imalira ngati chivundikiro. Potsitsa katundu inamucheka pachikhatho. Iye anangokulungapo tepi ya mawaya n'kuimba choncho, paja mumamudziwa, sadandaula. Patapita masiku dzanja linatupa ngati buledi. Titachotsa tepi, fungo linadzaza chipinda chonse, ndipo mafinya ankachita kuyenderera mpaka m'chigongono. Thupi linatentha, munthu n'kuyamba kubwebweta.

Ndinamutengera kuchipatala ndine. Anamung'amba, kumutsuka, kumubaya jakisoni, n'kumuuza kuti ndodo asazigwire mpaka bala litapola. Mneneri sanabwere. Anati fungo la kuchipatala limamuwononga mawu.

Lamlungu masana tinali ndi zoimba m'nyumba ina yosungiramo katundu. Ine ndinati tipepese, tisaimbe. Mneneri anaseka n'kutulutsa foni. Ha! Kani nthawi yonse imene tinkayeserera nyimbo, iye ankajambula kulira kwa ng'oma za Gogoda mwakachetechete, nyimbo iliyonse payokha. Anati analota kuti tsiku lina zidzafunika.

Tamvani tsono zimene anachita. Anayala ng'oma zonse pasiteji, naika chipewa cha Gogoda pampando wake, n'kulumikiza foni ku sipika. Kenaka anagwira pamtima, nauza anthu kuti m'bale wathu ali pakati pa moyo ndi imfa, kuti iye sanagone akumusamalira, ndiponso kuti gulu lathu silitaya munthu panjira. Misozi inatuluka, achemwali, yeniyeni! Anthu anakuwa, atsikana ena analira. Ine ndinangoimba besi yanga. Munthu amene sanamupatse mnzake ngakhale kapu ya madzi!

M'mawa mwake ndinapeza akulongedza. Ndinafunsa kuti nanga wodwalayo timukhazika pati. Mneneri anati m'galimoto mulibe malo ogoneka munthu, Gogoda atsale kaye, adzatipeza akachira. Ndinati chabwino, ng'oma zake zitsalenso. Anandiyang'ana m'maso muli gwa, nati ng'oma ndi za ulendo. Anati magulu a kutsogoloku amatilandira chifukwa amabwereka ng'oma zimenezi, ndipo ulendo ukatha azisiya kwa mwini situdiyo wina kuti atijambulire chimbale. Akuti Gogoda adzamvetsa, poti ndi za ubale.

Asa! Ubale wake uti? Ng'oma zimenezo Gogoda anazisonkhanitsa imodziimodzi, miyendo yake anawotcherera yekha akugwira ntchito kugalaja. Alibe nyumba, alibe mkazi, alibe china chilichonse chotchedwa chake. Iye ndi Mneneri anakulira limodzi, ankagawana bulangeti limodzi pa maulendo onsewa.

Ndinayang'ana wagitala kuti mwina alankhulapo. Anangoweramira chiwongolero n'kumakonza galasi limene linali bwinobwino. Ndinatsitsa besi yanga. Ndinayesa kukokanso ng'oma yaikulu, koma Mneneri anaikhalira, anyamata a matayala n'kumaseka. Galimoto inapita.

Gogoda ndinamuuza madzulo ake. Sanatukwane. Anangofunsa ngati anaziyalira kansalu pansi, kuti zingakandike. Zimenezo n'zimene zinandiliza ine.

Tsopano pempho langa. Tisananyamuke ndinawalonjeza anzangawa kuti tikadzafika m'tauni yanuyo tidzagona kwa achemwali anga. Ndikudziwa sindinakupempheni, mudzandikalipira ndikabwera. Adzafika Loweruka likubwerali. Mneneri alibe manyazi, adzagogoda ndithu. Adzakuuzani kuti ine ndatsala dala kusamalira wodwala mogwirizana, mwinanso adzagwira pamtima.

Chonde musawathamangitse. Ndikukudziwani, tsache lidzakhala lili m'manja kale, koma dzigwireni. Alandireni, muwafunse za ulendo, muwapatse madzi osamba, pakuti akuwafunadi. Akatero adzayamba okha kutsitsa zida, paja sizigona m'galimoto. Inu mudzawauze kuti pabalaza ana angaziwononge, ng'oma azilowetse m'chipinda chanu chosokeramo, chija chili ndi chitseko chachitsulo. Magitala ndi masipika aziike pena, zimenezo sizikutikhudza.

Akalowetsa, khomani loko. Kiyi muike kumene mumaika ija ya kabati ya shuga, imene ine ndinaifunafuna ubwana wanga wonse osaipeza.

Kukacha adzapempha kiyi. Muwauze kuti ng'oma zidzatuluka mwini wake akadzazitenga ndi dzanja lake. Mneneri adzalalikira, adzatchula ubale, adzalira. Alamu adzangoima pakhomo atapinda manja, safunika kulankhula. Akadzafunsa kuti nanga aimba bwanji, muwakumbutse kuti ali ndi foni.

Ine ndi Gogoda tidzakwera basi akangomuchotsa bandeji yoyamba. Kutupa kwayamba kuphwa, dzulo anadya. Panopa wagona apa pambali panga, chala cha dzanja labwinolo chikugogoda pachidebe. Sakudziwa kuti ndikulemba kalatayi. Sindikufuna kumulonjeza chinthu chimene chili m'manja mwanu.

Sindinaiwale tsiku lija munatitulutsa m'khonde mwanu tikuyeserera, mwana wanu woyamba ali wakhanda. Munalumbira kuti ng'oma zimenezo zisadzapondenso pakhomo panu. Achemwali, lumbiro limenelo ndikupempha kuti muliphwanye kamodzi kokha. Zikadutsa pakhomo panu osalowa, Gogoda sadzazionanso.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudalira mapewa awo aja. Ana muwapsompsone, koma musawalole kukhala pamatiresi amene anthu amenewo adzagonepo. Azakhali mukawaona musawauze za chipinda chino, angadwale. Mulungu akusungeni, alimbitse msana wanu ndi loko wanu yemwe.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiru cha besi chija