Tsiku Lofiira la mu Ogasiti

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Oldbury, ku Mangalande, tili bwino. Mdzukulu wanu Chikondi wakula, akumva Chichewa chonse koma akuyankha m'Chingelezi. Ku Bembeke nkhani mukuzidziwa kuposa ine: mlongo wanga Tereza anachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Kachewere anachita bwino, chimanga ayi. Koma nkhani yomwe ndalembera ndi ya chiliza chanu. Sindinabwere, ndipo ndikufuna mumve kwa ine chifukwa chake, osati kwa amalume.

Ntchito yanga simunaimvetsepo. Munkauza anthu kuti mwana wanu amayendetsa malole ku Ulaya. Sindiyendetsa, Amayi. Ndimakhala pa tebulo ndi mapu ndi telefoni, kukonza kuti lole iti inyamuke liti, ndi dalaivala uti, ikwere sitima iti pa doko la Dover yowolokera ku France. Miyezi ina ntchitoyi ndi yophweka, koma Julaye ndi Ogasiti ndi mutu waukulu. Sukulu zimatseka, madalaivala onse amafuna tchuthi nthawi imodzi, ndipo mafakitale ena amatseka milungu iwiri. Ku France nako amatseka misewu. Lamulungu lole yaikulu siyenda. Ma Loweruka ena a nyengoyi siyendanso, kuti anthu opita kunyanja adutse bwino. Nchifukwa chake mu ofesi mwathu palibe amene amapempha tchuthi mu Ogasiti.

Ine ndinapempha. Abwana, a Hadley, anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wawo, koma anavomera. Anati: "Bola malole onse akhale atabwerera pa yadi Loweruka."

Ndinakonza bwinobwino. Malole atatu anali ku Lyon, ku France. Ndinati adzapakire katundu Lachinayi, ayende Lachisanu, Loweruka m'mawa ali kuno. Ma Loweruka oletsedwa ndinawayang'ana kawiri, ndi ma Lamulungu omwe. Ndege yanga inali ya Lachinayi madzulo, chiliza Loweruka pa 16. Sutikesi inali pansi pa tebulo, m'katimo muli nsalu ya Tereza ndi nsapato za amalume.

Lachinayi m'mawa Ray anaimba telefoni ali ku Lyon. Ray ndi dalaivala wathu wamkulu, wa ku Dudley, munthu wosachuluka mawu. Anati: "Alfred, mawa ndi pa chani?" Ndinati pa 15. Anati: "Kuno akuti ndi tsiku la Maria. Palibe lole yoyenda."

Amayi, pa anthu onse a mu ofesi muja, wodziwa tsiku limenelo ndinali ine ndekha. Kalendala ya Angelezi sililemba mofiira, kwa iwo ndi Lachisanu wamba. Koma ine ndinakulira pansi pa kalendala yanu ya ku parishi ija, yopachika pa msomali. Pa 15 Ogasiti, tsiku lomwe Maria anatengedwa kunka kumwamba, munkabisa makasu kuseri kwa nkhokwe. Ndikadandaula kuti ku dimba kwauma, munkati: "Kabichi adikira, Maria sadikira." Kalata ya Tereza inali m'thumba la jekete langa, ndipo analemba poyera kuti asankha pa 16 chifukwa ndi tsiku lotsatira chikondwerero chomwe munkachikonda. Ndinaiwerenga kangapo. Sizinandifikire kuti Maria wa ku Bembeke ndi yemweyo wa ku France. Mwina nchifukwa choti chiikireni maliro anu sindinapondenso m'tchalitchi.

Ndiye werengani nokha. Lachisanu oletsedwa, Loweruka masana oletsedwa, Lamulungu oletsedwa. Maola ochepa otsala pakatipo sakanakwana kufika pa doko, popeza dalaivala nayenso ali ndi malire a maola ake. Malole atatu sakanabwera mpaka Lolemba, pomwe ntchito za Lolembalo ndinali nditazipatsa kale malole omwewo. Ray anayenera kunyamuka Loweruka ndi mkazi wake ndi adzukulu, kupita kunyanja ku Wales.

A Hadley sanakalipe, bola akanakalipa. Anayang'ana sutikesi ija, nkuti: "Ndege ndi yako, ukhoza kupita." Atatero analowa mu ofesi mwawo nkutseka chitseko. Chilolezo changa chokhalira m'dziko muno chimadalira ntchito imeneyi, ndipo Chikondi ali pa sukulu kuno. Komanso munkati amene watayitsa madzi ndiye abwerere kuchitsime. Ndinakankhira sutikesi mkati ndi phazi, nkunyamula telefoni.

Ndinaimba Lachinayi lonse ndi Lachisanu lonse, kupempha malole kwa anzathu a ku West Bromwich, kupepesa makasitomala, kupepesa mkazi wa Ray. Zinatheka. Loweruka, pa ola lomwe ansembe ankawaza madzi pa chiliza, ndinali kulemba ndandanda yatsopano. Tereza akuti dzina lanu analilemba bwino, ndiponso kuti amalume anafunsa kawiri pamaso pa anthu kuti mwana wamwamuna ali kuti.

Ray anafika Lolemba masana. Anaika makiyi pa tebulo, osandiyang'ana. Ali pakhomo potuluka anati m'mudzi momwe anaimikamo lole anthu anayenda m'misewu atanyamula chifanizo cha Maria, ndipo sitolo zonse zinali zotseka. "Ngakhale wogulitsa buledi," anatero.

Zimenezi ndi zomwe zimandiwawa, Amayi. Tsiku lanu lija France yense anaima, Bembeke anaima, Ray yemwe sapemphera anaima. Amene anagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi mwana wanu.

Za chaka cha mawa ndafunsa kale. A Hadley angoti: "Ogasiti? Tidzaona." Choncho sindikulonjezani kuti ndidzabwera mwezi umenewo, ndingakunamizeni kachiwiri. Chomwe ndachita nchakuti ndagula bolopeni yofiira yochongera tsikulo pa kalendala. Pa 15 Ogasiti, kaya ndili kuno kaya kumudzi, telefoni ndidzaibisa monga munkabisira makasu.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Alfred