Tsiku Lomwe Alamu Anabzala Maungu

Kalingalinga, Lusaka
18 Novembala 1958

Wokondedwa mng'ono wanga Josiah,

Moni kumeneko ku Halale. Ndikhulupirira uli bwino, poti anthu a mtundu wako sadwala. Kuno tilipo.

Mvula yeniyeni inagwa Lachiwiri lapitali. M'mawa mwake mkazi wako Sophia anatulutsa nthanga zija anazisunga m'phulusa chaka chonse, nalowa kuseri kwa nyumba ndi khasu. Dothi limanunkhira bwino. Amatema phando, kuponya nthanga zitatu, kufotsera ndi chidendene, kwinaku akuimba. Ana ako amatsatira pambuyo ndi nyemba m'chipewa changa. Ine, munthu wa zaka ziwiri za ku yunivesite, ndinapatsidwa udindo wothamangitsa nkhuku.

Ukudziwa kuti Sophia sawerenga. Zaka zitatu ndakhala ndikumuwerengera makalata ako. Pomwe unkalemba za nsapato zako zatsopano, ine ndinkati wamusowa. Kalata ija yonena kuti wakwatira wina, ndinati ukudwala chifuwa. Anakupempherera sabata yathunthu.

Ndiye ali mkati mobzala anauza Ida, mayi woyandikana nafe uja, kuti maunguwo ndi ako, udzadya pa Isitala, alamu awerenga choncho. Ida anandiyang'ana n'kuseka, nati ophunzira ali ndi ntchito ndithu.

Kusekako ndi kumene kunandipsetsa mtima. Ndinakatenga kalata ya ukwati wako ija, ndinaima pamzere n'kuiwerenga mokweza, liwu ndi liwu, mpaka dzina la mkaziyo ndi mtundu wa diresi lake. Sindinadumphe kanthu. Ndikuuze zoona, inanditsekemera. Sindinawerengepo bwino chotero chichokereni ku sukulu.

Sophia sanalire. Anangofunsa ngati chifuwa chija chinapola. Kenako anamaliza mzere wake, natsuka khasu, nalibweza kwa Ida, mwini wake.

Loweruka anakwera basi ya ku Fort Jameson ndi ana, kwa malume ake. Anati ukamufuna ukalankhule ndi ankhoswe pakamwa, za pepala ayi.

Usandilembere zonditukwana. Bodzalo ndinakusenzera zaka zitatu, ndatula. Ngati uli mwamuna, kwera sitima ukaonekere kwa ankhoswewo mwezi uno usanathe.

Mulungu akusunge, poti wina wokusunga kuno palibenso. Upereke moni kwa mayi watsopanoyo, ndipo ngati umamukonda, umuphunzitse kuwerenga.

Ndine mkulu wako,
Dyton