Apongozi atchula tebulo, pulogalamu yafa

Agogo,

Tulo tandithawa. Ndinapangira apongozi anga pulogalamu ya pakompyuta yosungira za katundu m'shopu yawo ya zipangizo za galimoto. Ndinaikamo kabokosi koti azilembamo okha mayina a matebulo a mu databesi, kutanthauza mindandanda ya m'nkhokwe ya pakompyuta yosungiramo zonse. Iwo analemba "order". Pomwepo pulogalamu inangoti zii, makasitomala ali pamzere. Liwu limeneli ndi limodzi mwa mawu amene databesi inadzisungira pa malamulo ake, ndiye inasokonezeka.

Ndinaliletsa liwulo. Sabata yotsatira analemba "group", zomwezonso. Anandifunsa pamaso pa antchito kuti, "Kodi mwana wanga ndinamupereka kwa munthu kapena kwa chidole?" Akuti ikafanso aitana wina, ine ndisadzapondenso m'shopumo. Mkazi wanga amangondiikira chakudya n'kuchokapo. Nditani?

T.B.

Mdzukulu,

Ine sukulu ndinaithawa ndili sitandade 5, aphunzitsi akundidikirabe. Koma nkhani yakoyi ndakambirana ndi mkamwini wanga wodziwa makompyuta, amene nanenso ndimamuzunza mokwanira.

Apongozi ako sanalakwe. Iwe wapatsa mlendo mpeni n'kumadabwa kuti mbuzi yafa. Kuletsa liwu limodzilimodzi ndi kutunga madzi ndi dengu. Mawu otere ndi ambiri, ndipo databesi ikakonzedwanso amawonjezeka.

Chita chonchi. Dzina lenileni la tebulo lizipangidwa ndi pulogalamu yako, mwina chilembo ndi nambala. Dzina lolemba apongozi ulisunge padera, likhale chikwangwani chongoonekera pa sikirini. Iwo aziona "order" wawo n'kumasangalala, databesi osamva n'komwe. Kuchipatala amateronso: manesi amandiitana agogo, koma pa khadi ndine nambala. Usanasinthe mayina a matebulo akale, yamba wakopera zonse pena, ndipo uyesere kunyumba, osati pamaso pa makasitomala.

Za ulemu wako sindikulonjeza kanthu. Pulogalamu imachira msanga, mawu a apongozi amakhalitsa m'khutu. Anga anapita kumanda akunditchabe "ujeni". Mkazi wakoyo umufotokozere bwinobwino, chifukwa manyazi akumupweteka kuposa iwe.

Koma tamvera. Zimene munthu walemba m'kabokosi usamazilowetse momwe zilili m'lamulo la databesi. Lero ndi liwu losalakwa, mawa wantchito wokwiya adzalemba lamulo lofufuta zonse. Tsiku limenelo sudzandifunsa za makompyuta. Udzandifunsa ngati ndili ndi chipinda chogona alendo, ndipo ndilibe.